Kaikidwe ka taimingi pa injini yowonjezeledwa mphamvu: malangizo kwa amakanika a ku Zambia ogwila nchito ku Harare

Taimingi ndi nthawi imene pulagi imayatsa moto mu silinda. Malangizo awa ndi a injini ya petulo yokhala ndi distributor (cogawa moto ku mapulagi), imene mwaisintha camshaft, mwaipala mutu kuti compression ikwele, kapena mwaiika turbo. Nambala za m'buku la ku fakitale apa sizikuthandizaninso.

Yambani ndi cizindikilo ca pa pulley. Pa injini zakale mphila ya mkati mwa damper (pulley ya kutsogolo kwa crankshaft) imatha, mkombelo wakunja n'kuselela, ndiye zilo amene mukuonayo amanama. Cotsani waya wa batile, cotsani pulagi ya silinda yoyamba, mulowetsemo piston stop, kacitsulo koimitsa pisitoni isanafike pamwamba. Zungulitsani injini ndi sipana pang'onopang'ono mpaka pisitoni igunde, lembani mzela pa pulley, kenako bwelelani mbali inayo mpaka igundenso, lembaninso. Pakati pa mizela iwiliyo ndi pamene pali TDC yeniyeni, pamene pisitoni imafika pamwamba penipeni. Pakanipo penti yoyela.

Cotsani piston stop, bwezelani pulagi ndi waya wa batile, kenako lizani injini mpaka itenthe. Zulani kapaipi ka vacuum ku distributor, mutseke kumapeto kwake. Timing light (nyale yoonela cizindikilo injini ikulila) ipanileni pa waya wa pulagi yoyamba, ndipo manja a ovolosi akhale kutali ndi fani ndi lamba. Camshaft yaikulu imafuna madigili ambili pa idle, kawilikawili 14 mpaka 18 pisitoni isanafike pa TDC, koma nambala imene imapha kapena kusunga injini ndi ya pamene injini ikuzungulila mwaliwilo. Mnzanu aponde mafuta mpaka cizindikilo cileke kuyenda, nthawi zambili pakati pa 3,000 ndi 3,500 rpm. V8 yakale imakonda madigili 34 mpaka 36, pamene mitu yamakono imakwana ndi 30 mpaka 32. Ngati pali turbo, yambilani pa kubweza digili imodzi pa psi iliyonse (muyeso wa mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankha). Powonjezela madigili, masulani bauti pang'ono, mutembenuze distributor motsutsana ndi kumene rotor imazungulila. Mukamanga bauti yezaninso, cifukwa pomanga imasuntha.

Apa ndi pamene ambili amaonongela mapisitoni. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490. Mpweya ndi wopepuka, conco injini yopanda turbo imalola madigili owonjezela osadandaula. Komanso petulo wa ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol, mwalamulo kuyambila mu 2013. Ethanol amacepetsa kugogoda (kuphulika kosayenela kwa petulo mu silinda), ngakhale kuti pa kabuleta amafuna majeti okulilapo. Zinthu ziwilizi zimanyengeza makanika kuti motoka ili bwino.

Tsopano mwini wake ainyamule kupita ku Lusaka. Akadutsa Makuti atsikila m'cigwa ca Zambezi, ku Chirundu, kumene kuli mamita pafupifupi 400 cabe, mpweya wolemela ndi kutentha koopsa. Akathilanso petulo wina kutsidya, taimingi imene inali yabwino ku Kaguvi Street, mseu wa amakanika ku Harare, iyamba kudya injini. Motoka iliyonse yowoloka Chirundu ibwezeni madigili awili kucokela pamene inakoka bwino kwambili ku Harare. Mphamvu yotayikayo ndi yocepa, dalaivala sangaimve n'komwe.

Koyesela ndi ku Donnybrook, bwalo la mpikisano wa motoka ku Harare, pa tsiku lololedwa, osati mu Seke Road pakati pa makombi. Lumikizaninso kapaipi ka vacuum, zimitsani wailesi, ikani giya yacitatu, injini ili pansi pondani mafuta mpaka pansi. Mukamva kulila ngati misomali m'citini, cotsani phazi nthawi yomweyo, mubweze madigili awili. Ekizozi yaphokoso imabisa kulila kumeneku, ndiye masulani mapulagi muone. Timadontho takuda kapena tonyezimila pa mbali yoyela ya pulagi tikusonyeza kuti injini ikugogoda, ndipo tonyezimilato ndi aluminiyamu wocokela ku pisitoni.