Lekani kupopera madzi a utoto osadikha mu membrane

Miyezi ingapo yapitayi ndayendera malo onyikira nsalu, ndipo kulikonse ndapeza cholakwa chomwechomwecho. Madzi akangochoka m'thanki ya utoto, ali otentha, odzaza ulusi ndi sopo, anthu akuwapopera mu membrane, kachikopa kopyapyala kosefera madzi, osawasiya kuti adikhe. Kodi mukuyesa kuti ndi sefa wa mchenga?

Timabowo ta membrane ya mtundu wotchedwa nanofiltration n'tating'ono pafupifupi nanomita 1, ndiko kuti gawo limodzi la milimita yogawidwa m'magawo 1,000,000. Tinapangidwa kuti titchinge utoto wosungunuka, osati zinyalala zooneka ndi maso. Ulusi ndi mafuta zikamatirira pamwamba pake, madzi oyera amayamba kungodontha. Apa m'pamene ndimatopa nanu, chifukwa ambiri mumathamangira kuwonjezera mphamvu ya pampu. Mukatero mukukanikizira litsirolo mkati, magetsi akupita ochuluka, ndipo chinthu choyenera kukhala zaka zingapo chikutha chaka chisanathe. Kutentha nakonso kumapha: membrane zambiri zimalekezera pa 45°C. Ena akaona kuti yatsekeka amathiramo klorini, ati n'kutsuka. Klorini amadya polyamide, pulasitiki yopyapyala ya pamwamba pa membrane imene imagwira ntchito yosefa, ndipo ikadyeka palibe kusoka. Utoto umangodutsa.

Mlimi wina amene amathirira mbewu kumunsi kwa malo otere anandiimitsa ali ndi botolo m'manja. “Alangizi, taonani, madziwa ndi oyera ndithu, koma mbewu zanga zikupsa nsonga za masamba.” Ndinamuuza kuti maso anamunamiza. Ponyika thonje ndi utoto wa mtundu wotchedwa reactive amathira mchere wambiri ndi soda, ndipo nanofiltration imagwira mtundu koma mchere wochuluka umadutsa. Wouchotsa ndi reverse osmosis, membrane yothina kuposa imeneyi. Tsopano ganizani membrane yoboola kale ndi klorini, imene ikudutsitsa zonse ziwiri.

Zochita mukuzidziwa, ndi ulesi chabe. Madzi aziyamba azizira m'thanki, mutsitse pH (muyeso wa asidi kapena soda m'madzi) chifukwa amatuluka pa 10 kapena 11, muthire alum kuti litsiro ligwirane n'kukhala pansi, kenako adutse mu sefa wa timabowo ta mamaikuloni 5 (milimita imodzi ndi mamaikuloni 1,000) asanafike mu membrane. Muzilemba tsiku ndi tsiku malita a madzi oyera amene akutuluka mu membrane. Akatsika ndi 10 mpaka 15 pa 100 alionse, tsukani ndi mankhwala amene opanga analemba. Madzi akuda amene membrane yatchinga musawatayire mumtsinje, utoto wonse uli mmenemo.