Momwe mungakonzere ma alamu a pafakitale kuti akalira anthu azidzidzimuka

Pafakitale ina pomwe ndinkagwira shifiti ya usiku, m'chipinda choyang'anira makina munali kabelu kamene kankalira pafupipafupi. Tsiku lina ndinapeza wina atakatseka kukamwa ndi kansanza, n'kumatapo selotepu. Palibe amene anadabwa. Kankalira chifukwa madzi a m'thanki ankagavira pampu ikayaka, basi. Koma kabelu komweko ndi kamene kanayenera kutichenjeza madzi akachepa mu bwayila (chithanki chowiritsira madzi kuti apange nthunzi), ndipo bwayila ikauma moto uli mkati, machubu amapsa n'kuphulika. Mpaka lero ndikakumbukira kansanza kaja thupi limachita tsembwe.

Vuto la mafakitale ambiri si kusowa kwa ma alamu. Ndi kuchuluka kwa ma alamu olira pachabe. Pa 24 July 1994, pamalo oyengera mafuta a Texaco ku Milford Haven, m'dziko la Wales, anthu awiri oyang'anira makina analandira ma alamu 275 m'mphindi 11 zomaliza moto usanaphulike. Ndani angawerenge zonsezo? Anthu 26 anavulala. Ngati ndinu kapitawo, mmisiri wa zamagetsi kapena mwini fakitale, kaya ya shuga, ya tiyi, ya mkaka kapena malo oyeretsera madzi, ntchitoyi mungaiyambe sabata yomwe ino.

Yambani ndi kuwerenga

Ikani kope pafupi ndi bolodi. Kwa sabata yathunthu, usana ndi usiku, aliyense wa pashifiti alembe alamu imene yalira, nthawi yake, ndi chimene wachita. Ngati makina anu ali pa kompyuta, mbiriyi ilimo kale, ingoisindikizani.

Mukatha yerekezani ndi muyezo uwu. Bungwe la EEMUA la ku Britain, m'malangizo ake a nambala 191 omwe anatuluka koyamba mu 1999, limati zinthu zikamayenda bwino munthu mmodzi asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10 zilizonse, ndipo zikasokonekera zisapitirire 10 m'mphindi 10 zoyambirira. Kawirikawiri mudzapeza kuti ma alamu ochepa chabe ndi amene akubweretsa phokoso lochuluka. Amenewo ndiwo oyamba kuwagwira pakhosi.

Alamu iliyonse muifunse mafunso atatu

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho musathamange. Khalani pansi ndi anthu amene amagwira makinawo tsiku ndi tsiku, osati mainjiniya okha. Tengani alamu imodziimodzi, mufunse: ikalira, munthu achite chiyani ndi manja ake? Ali ndi mphindi zingati? Akapanda kuchita kanthu, chiwonongeke n'chiyani?

Ngati pa funso loyamba anthu akungoyang'anana, kapena wina wayankha kuti “timangodina batani kuti isiye kulira”, imeneyo si alamu. Ndi uthenga wamba. Ichotsereni belu, izingooneka pa sikirini. Kuti pampu yayaka pamene munthu waiyatsa yekha, palibe chifukwa choimbira belu.

Mayankho a ma alamu otsalawo alembeni mwachidule, m'Chichewa ngati ndicho chimene anyamata apashifiti amamva msanga, ndipo mupachike pomwe maso afika. “Madzi achepa mu bwayila: yang'ana galasi loonetsa madzi, ngati madzi sakuoneka, zimitsa moto, usathire madzi ozizira, itana akapitawo.” Munthu wodzidzimuka 2 koloko ya usiku sangatsegule buku la masamba 200.

Siyanitsani yaikulu ndi yaing'ono

Mutu umodzi susenza denga, ndipo khutu limodzi silingasiyanitse mabelu olira mofanana. Gawani ma alamu patatu potengera mayankho a funso lachiwiri ndi lachitatu. Malangizo omwe aja amati pa ma alamu 100, pafupifupi 5 okha ndiwo akhale a ngozi yaikulu, 15 apakati, 80 aang'ono. Gulu lililonse likhale ndi kulira kwake ndi mtundu wake wa nyali. Pamalo aphokoso, monga pafupi ndi zigayo kapena majenereta, belu lokha silikwanira, pamafunika nyali yothwanima.

Konzani malire

Alamu ya thanki yodzaza isamadikire mankhwala afike pakamwa. Werengani kuti pampu imadzaza malita angati pa mphindi, ndipo munthu amatenga nthawi yanji kuchoka pampando kukatseka valavu, muwonjezerepo mpata. Ya kabelu kathu kaja inali nkhani yaing'ono: kuikapo kuchedwa kwa masekondi ochepa kuti kugavira kwa madzi kusamailize, komanso kusiyanitsa pang'ono polirira ndi posiyira. Koma malire asamasinthidwe ndi munthu mmodzi mwakachetechete. Wosintha alembe, wina asayine.

Zida zonunkhiza gasi ziikidwe pomwe gasiyo amapita

Ndaonapo chida chonunkhiza gasi cha mtengo wapatali chitakhomedwa pafupi ndi denga m'chipinda cha masilinda a kolorini. Kolorini amalemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka, amayenda pansi ngati madzi n'kukakhala m'maenje. Chida chake chikhale mmunsi. Gasi wophikira nayenso amatsika. Amoniya, amene amagwiritsidwa ntchito m'mafiriji aakulu a mafakitale, ndi wopepuka ndipo amakwera, choncho chake chikhale mmwamba. Belu ndi nyali ziikidwenso kunja kwa chitseko, kuti munthu adziwe asanalowe.

Mphuno musaidalire. Gasi wa hydrogen sulphide, wopezeka m'maenje a zonyansa ndi m'mathanki momwe zinthu zikuola, amanunkha ngati dzira lovunda akakhala wochepa, koma akachuluka amapha mphuno, fungo n'kuzimiririka pamene ngozi yafika pachimake. Wolowa m'thanki kapena m'dzenje ayambe watsitsa chida choyezera, ndipo china achivale pachifuwa. Mpweya wabwino uli ndi okosijeni 20.9 peresenti, ndipo zida zambiri zimalira akatsika kufika 19.5. Ikalira, tulukani kaye, zokambirana kunja. Mnzanu akakomokera mkati musamulumphire opanda zopumira, chifukwa ambiri amene amafera m'malo otere ndi opita kukapulumutsa.

Yesani, ndipo muyese njira yonse

Kudina batani loyesera nyali kumangokuuzani kuti babu ndi lamoyo. Muyenera kuyesa kuyambira pa chida chomva mpaka pa belu: kukweza choyandama cha m'thanki, kupopera gasi woyesera pa chida chonunkhiza. Ku Buncefield, pafupi ndi Hemel Hempstead ku England, pa 11 December 2005 thanki ya petulo inasefukira n'kuyambitsa moto woopsa. Geji yoonetsa kudzaza inali itakakamira, ndipo inali itachitapo zimenezi kangapo miyezi ya m'mbuyo. Switchi yomaliza yoyenera kuimitsa mafuta sinagwire chifukwa kachitsulo koyesera kankafunika loko kuti kakhale pamalo pake, ndipo lokoyo panalibe. Mukamaliza kuyesa, onetsetsani kuti chilichonse chabwerera mmene chinalili.

Kuno kwathu onjezerani mayeso ena: magetsi akathima, jenereta isanadzuke, ma alamu amakhala amoyo? Yang'anani mabatire.

Alamu yozimitsidwa ilembedwe

Nthawi zina pokonza makina alamu imayenera kutsekedwa. Palibe cholakwika, bola ilembedwe pa bolodi: ndani watseka, chifukwa chiyani, ibwezeretsedwa liti, ndipo pakadali pano akuyang'anira ndi maso ndani. Posinthana shifiti, mndandanda umenewu uwerengedwe mokweza munthu asanavule ovolosi.

Musaiwale a kuseri kwa mpanda

Usiku wa pa 2 kucha wa pa 3 December 1984, gasi wakupha anatuluka pafakitale ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India. Sayireni yochenjeza anthu oyandikana nayo inalira kanthawi kochepa n'kuzimitsidwa, ndipo anthu masauzande ambiri anafa, ambiri atadzidzimukira m'tulo osadziwa kothawira. Ngati mumasunga kolorini, amoniya kapena mafuta ambiri, pitani kwa amfumu, kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi ndi kwa amayi ogulitsa pageti. Auzeni tsiku ndi ola limene mumayesa sayireni, amve kulira kwake kwa mayeso ndi kwa ngozi yeniyeni. Pamwamba pa fakitale pakhale kansalu koonetsa kumene mphepo ikulowera, ndipo aliyense, ngakhale mlonda wolembedwa dzulo, adziwe kuti gasi akatuluka sathawira kumene mphepo ikupita. Amadula cham'mbali, kenako n'kulowera kumene ikuchokera, ndipo ngati ndi kolorini amapewa zigwa ndi ngalande.