Momwe mungadzichitire hypnosis kunyumba tulo tikamakuthawani

Chaka chatha ndinakhala pafupifupi miyezi inayi tulo tikundithawa. Ndinkagona bwinobwino cha m'ma 10, koma ikangokwana 2 koloko usiku maso gwa, mutu wayamba kuwerengetsera ngongole ya banki m'khonde, fizi ya ana ndi lendi. Mapiritsi a chimfine oodzeretsa aja ankangondisiya mutu uli wolemera tsiku lonse. Chomwe chinandithandiza ndi hypnosis yodzichitira ndekha, imene ena amati kugodomalitsa maganizo.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti ndi zamizimu. Mlamu wanga ananenanso chomwecho. Ku Ulaya nakonso anayamba ndi maganizo otero. Dokotala wa ku Germany Franz Mesmer ankati m'thupi muli mphamvu yonga ya maginito, koma mu 1784 gulu lofufuza lomwe mfumu ya France inakhazikitsa, momwe munalinso Benjamin Franklin, linapeza kuti mphamvuyo kulibe ndipo chomwe chinkagwira ntchito ndi maganizo a wodwalayo. Dokotala wa maopaleshoni James Braid wa ku Manchester ndiye anafalitsa dzina loti hypnotism m'ma 1840, ataona kuti nkhani yonse yagona pa kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Simukomoka, simugona, ndipo mwana akalira kuchipinda mumamva n'kudzuka.

Choyamba, dziyeseni

Khalani pampando, tambasulani manja kutsogolo, zikhatho zikuyang'anizana motalikirana ngati utali wa botolo la fanta. Tsinzinani, yerekezani kuti m'zikhathomo muli maginito akukokana. Dikirani mphindi imodzi. Ngati manja ayamba kuyandikirana okha, zikuyenderani mosavuta. Anthu pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse amalowa mu hypnosis msanga kwambiri, ena ochepa salowa n'komwe, ambirife tili pakati. Ine manja anga anangosuntha pang'ono, komabe zinatheka.

Chachiwiri, nthawi ndi malo

Musayambire pabedi usiku mutatopa. Yambani masana kapena madzulo, mutakhala pampando, kwa mphindi 10 kapena 15. Foni ikhale pa flight mode. Ngati kwanu kuli phokoso la ma bar kapena chigayo, mahedifoni amathandiza, koma musagule otchipa kwambiri a pamsika aja. Anga oyamba khutu limodzi linafa pa masiku asanu, ndipo wogulitsayo anandikana ngati sitinaonanepo.

Chachitatu, kulowa

Yang'anitsitsani kadontho kamodzi pakhoma, kokwerako pang'ono kuposa maso anu, mpaka zikope zilemere. Braid ankagwiritsa ntchito kachikwama konyezimira ka zida zake, ine ndimayang'ana msomali wa kalendala. Tsinzinani, tulutsani mpweya pang'onopang'ono kuposa momwe mwaukokera, kenako werengani chobwerera kuchokera pa 20 mpaka 1, nambala iliyonse ndi mpweya wake. Masulaninso mapewa ndi nsagwada. Gulu la David Spiegel ku yunivesite ya Stanford ku America litaunika ubongo wa anthu ndi makina ojambula m'thupi a MRI mu 2016, linapeza kuti pa nthawi ngati imeneyi mbali ya ubongo yomwe imakhala tcheru kusankha choti ude nacho nkhawa imachepetsa ntchito. Mwina n'chifukwa chake mawu omwe munganene pano amalowa popanda kutsutsidwa kwambiri.

Chachinayi, mawu odziuza

Apa ndi pomwe ndinagwa nayo, ndipo ndinataya milungu itatu yathunthu.

Ndinalemba mawu anga pakope motere: "Sindidzaganizanso za ngongole. Sindidzadzukanso 2 koloko. Sindikuopa kusowa tulo." Ndinawajambula pafoni, ndipo tsiku lililonse ndinkakhala pampando paja, thupi lofewa, maganizo otseguka, n'kumadzithira mawu oti ngongole, 2 koloko, kusowa tulo. Ndikangomva "ngongole" nkhope ya msungichuma wa gulu lathu inkabwera yonse, ndi kope lake lachikuto chofiira lija. Usiku wake ndinkadzuka 2 koloko yeniyeni ngati ndatchera alamu. Sabata yachitatu ndinafika podzuka kawiri.

Vuto ndi loti maganizo amagwira chithunzi, ka "si" kaja amakasiya panjira. Ndikati musaganize za mbuzi yoyera, mwaiona kale. Katswiri wa zamaganizo Daniel Wegner anayesa zimenezi mu 1987 pouza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chinkangowabwererabwerera. Kale kwambiri iye asanatero, Émile Coué, wogulitsa mankhwala wa ku France yemwe ankaphunzitsa anthu ku Nancy kudziuza mawu, ankanena kuti chifuniro chikalimbana ndi chithunzi cha m'maganizo, chithunzi ndicho chimapambana. Ukamalimbikira kuti ugone, tulo timathawiratu.

Ndinang'amba tsamba lija n'kulemba zomwe ndikufuna, osati zomwe ndikuthawa: "Mutu wanga ukakhudza pilo, mapewa amamasuka. Ndikadzidzimuka usiku, ndimatembenuka, ndimapuma katatu, thupi limalemeranso. Za mawa zili pakope, ndiziona mawa." Chiganizo chomalizachi chimafuna kuti mulembedi nkhawa zanu pakope madzulo, apo ayi mukudzinamiza ndipo mtima umadziwa.

Onaninso kuti sindinalembe kuti ndidzagona ngati mwana mpaka 6 koloko. Mawu okokomeza otere mtima umawakana pomwepo. Lembani zomwe mungakhulupirire lero. Ziganizo zitatu kapena zinayi zakwana, zachidule, zonena ngati zikuchitika kale.

Chinanso chomwe ndinaphunzira mochedwa: lembani m'chilankhulo chomwe mumadandaulira. Poyamba ndinkamvera za Chingerezi za pa YouTube, mzungu akundiuza kuti ndikuyenda pachipale chofewa, chinthu chomwe sindinachipondepo. Bandulo inkangothera pomwepo. Nditasintha n'kuika khonde la agogo anga kumudzi, mvula ikugwa padenga laudzu, fungo la dothi lonyowa, mphasa ikundidinda pamsana, thupi linamvera tsiku lomwelo. Sankhani malo anuanu ndipo muikemo phokoso, fungo ndi kukhudza, osati zooneka zokha.

Pojambula mawuwo pafoni, lankhulani mochedwa kuposa momwe mukuganizira, ndipo muzisiya mpata pakati pa ziganizo. Mawu anu adzakunyansani tsiku loyamba. Aliyense zimamutero.

Pano ndichenjezeko za anthu a pa intaneti. Wina anandilembera kuti ndi katswiri wovomerezeka, ndipo gawo limodzi lokha pafoni lithetsa kusowa tulo, fodya ndi umphawi womwe. Mtengo wake unali wokwana thumba la chimanga, kulipiriratu. Nditafunsa komwe anaphunzira ananditumizira chithunzi cha satifiketi ya kosi ya masiku awiri. Thawani aliyense wolonjeza kuchiza zonse kamodzi. Thawaninso wonena kuti akukumbutsani zomwe zinakuchitikirani muli khanda, chifukwa hypnosis imatha kupangitsa munthu kukumbukira zinthu zomwe sizinachitike, n'kuzikhulupirira ndi mtima wonse. Mabanja amatha nazo zimenezo.

Chachisanu, kubwereza

Tsiku limodzi silisintha kanthu. Katswiri wa zamaganizo Donald Hebb anafotokoza mu 1949 kuti maselo a ubongo omwe amagwira ntchito limodzi mobwerezabwereza amalumikizana molimba. Zili ngati kanjira kodutsa m'munda, kamakula ndi mapazi ndipo kakasiyidwa kamamera udzu. Katswiri wa za ubongo Eleanor Maguire anapeza mu 2000 kuti oyendetsa matakisi ku London, omwe amaloweza misewu yambirimbiri pamtima, mbali ina ya ubongo wawo yosunga malo inali yokulirapo. Ubongo wanga unali utaphunzira kuti bedi ndi ofesi yowerengetsera ngongole, ndiye unafunika kuphunzira china.

Zomwe amanena zija zoti chizolowezi chatsopano chimakhazikika pa masiku 21 musazitengere. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66, ena 18 okha, ena kupitirira 200, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikuononga zonse. Ine ndinayamba kuona kusintha sabata yachinayi nditakonza mawu aja.

Potuluka, werengani 1 mpaka 5, tsegulani maso, dziwongoleni. Mukazolowera, samutsirani zonse pabedi ndipo osawerenganso zotulukazo. Muthanso kugwiranitsa chala chachikulu ndi cholozera nthawi iliyonse mwafika pa 1, pakapita nthawi kugwira kokhako kumayamba kufewetsa thupi. Musamvere zojambulazo mukuyendetsa galimoto.

Ngati muli ndi khunyu, mumamva mawu omwe ena sakuwamva, kapena kusowa tuloko kwabwera ndi maganizo ofuna kudzipha, siyani zonsezi mukaonane ndi achipatala kaye. Yambirani pachipatala cha boma chapafupi, ndipo kuli Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mankhwala a BP kapena a shuga musasiye. Ndipo tiyi wamasamba wa 8 koloko usiku uja muchepetse, ine ndinasiyiratu.