Go-around pa kandege ka propela: pamene ambiri imawapulumuka m'manja

Inu amene mukuphunzira kuulutsa tindege ta propela ngati Cessna 172, tamverani. Mwabwera bwinobwino kuti mutere pa bwalo la Salima, mwatsala pang'ono kugunda pansi, mbuzi ziwiri zatulukira m'tchire zaima pa runway, kapena mwera wakukankhani mwaphonya mzere. Apa zokakamira ayi, dzukaninso mukazungulire, ndiyo go-around imeneyo. Ndipo ganizani msanga, kuchedwa kumeneko ndi kumene kumabweretsa phuma.

Vuto lalikulu ndi trim, kagudumu kotcherera kumene mphuno ya ndege iziloza. Potera mumakhala mwaitchera kuti mphuno ikhale m'mwamba, ndiye mukangokankha throttle (chopatsira injini moto) yonse mphuno ija imangoti njo kuloza kumwamba yokha, liwiro n'kumatsika, stall yafika (mapiko asiya kunyamula ndege) inu muli mamita ochepa chabe kuchoka pansi. Kankhani yoke (chiwongolero) kutsogolo ndi mphamvu ndithu, imalimba zedi mpaka mkono kuwawa, musadabwe. Mphuno mukaigwira ndi pamene muyambe kubweza trim pang'onopang'ono.

Kenako phazi lamanja. Propela ya Cessna imazungulira chakumanja mukamaiona muli m'kati, ndiye injini ikabangula ndege imathawira kumanzere, makamaka liwiro likachepa mphuno ili m'mwamba. Pondani pedulo yakumanja ya rudder (chiwongolero cha kumchira), kampira ka pa geji kosonyeza ngati ndege ikuyenda chammbali kabwerere pakati. Ena amalimbana nazo ndi ma aileron (timapiko ta kunsonga topendeketsa ndege) okha phazi litagona tulo, eee, stall ikakupezani ndege ikuyenda chammbali choncho imasanduka spin (ndege kugwa ikuzungulira), ndipo pansi pali pafupi, mpata woiwongola palibe.

Ma flap (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene munatsitsa potera) osabweza onse kamodzi, ndege imatitimira. Pa 172 abwezeni afike madigiri 20 pompopompo, otsalawo pang'onopang'ono liwiro likakwera ndipo mitengo mwaidutsa. Ma knots ake, ndiye kuti liwiro loyenera, ali m'buku la ndege yanuyo, alowezeni muli pansi. Carb heat (yotenthetsa mpweya wolowa mu injini) ngati ilipo itsekeni, imadya mphamvu ya injini.

Nanga kutentha kwa Okutobala kunyanja kuno, kuja kumatigoneka pakhonde? Mpweya umapepuka, injini ndi mapiko sizigwira ngati m'mawa wa Juni, ndiye ndege ikamakwera mwaulesi mtima umafuna kukoka yoke. Osakoka aise, sungani liwiro, ikwera yokha.

Wailesi ibwere pomaliza, mukakhala kuti mwakhazikika ndipo mukukwera. Mbuzi zija sizikudikira uthenga wanu.