Mmene mungatsimikizire mendulo za msilikali wa ku America amene anafera ku nkhondo

Anthu ambiri amaganiza kuti msilikali akangofera ku nkhondo ndiye kuti mendulo zonse ndi zake basi, koma ku gulu la nkhondo la America sizili choncho, mendulo iliyonse ili ndi malamulo ake ndipo umboni wake ndi pepala, osati chitsulo chili m'kabokosi chija. Chitsulocho munthu atha kugula pa intaneti, pena achibale amasakaniza za amalume ndi za agogo osadziwa. Ndiye musanalembe pa mwala kapena kuuza ana kuti malemu analandira chakuti, yambani mwadziwa kuti ankayenera kulandira chiyani.

Tiyambe ndi Purple Heart poti ndi imene imakhudza omwalira kwambiri. Inayamba mu 1932 ndipo imapita kwa amene wavulazidwa kapena kuphedwa chifukwa cha zochita za mdani. Mawu oti mdaniwo agwireni bwino. Msilikali womwalira ndi malungo, kapena pa ngozi ya galimoto imene mdani sanakhudzidwe nayo, salandira olo zitachitikira komweko kunkhondo, chimodzimodzi amene mapazi anawonongeka ndi chisanu m'maenje muja. Zimawawa ndithu, munthu anapita kukamenya nkhondo osabwerako, koma lamulo ndi lomwelo. Amene anawomberedwa ndi anzake mwangozi ali mkati molimbana ndi adani anayamba kuwerengedwa ndi lamulo la 1993, ndipo mu 2008 anawonjezera omwe anafera m'manja mwa adani ali akaidi.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa baji ya Combat Infantryman Badge, ya asilikali oyenda pansi, ya mfuti pa kachitsulo kabuluu kozunguliridwa ndi nkhata ija. Inakhazikitsidwa mu 1943 ndipo inabwerera m'mbuyo mpaka Disembala 1941. Kuti munthu ayenerere pafunika zinthu zitatu pamodzi, ntchito yake yolembedwa m'mabuku ikhale ya msilikali woyenda pansi, akhale m'gulu la oyenda pansi la msinkhu wa rejimenti kapena brigedi kutsika m'munsi, ndiponso akhale kuti analipo yekha gululo likumenyana ndi adani. Udindo wake usapitirire wa kenelo (Colonel). Ndiye woyendetsa thanki, wowombera mizinga, injiniya womanga milatho zipolopolo zikumudutsa pamutu, onsewa sanali kulandira olo atafera pambali penipeni pa oyenda pansi. Azachipatala anawapatsa yawo mu 1945, Combat Medical Badge. Enawo anadikira mpaka 2005 pomwe kunabwera Combat Action Badge, koma iyi imangoyambira pa 18 Seputembala 2001, ndiye musaifunefune kwa munthu wa ku Vietnam kapena Korea. Mabaji awa ndi a Army, asilikali a pamtunda. Ngati malemu anali wa Navy kapena Marines, magulu a nkhondo a panyanja, si awo, iwo ali ndi Combat Action Ribbon ya 1969.

Chinthu chimene mabanja ambiri sadziwa ndi ichi, mu 1947 analamula kuti aliyense amene analandira baji ya oyenda pansi kapena ya azachipatala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ayeneranso mendulo ya Bronze Star. Amene anafa mu 1944 mwachidziwikire mapepala awo a nthawi imeneyo sangaonetse zimenezi, ndiye banja likhoza kupempha. Koma tizinena zoona, Bronze Star imeneyi ndi ya kugwira bwino ntchito, ya kulimba mtima pankhondo imakhala ndi kachilembo V pa riboni ndipo imafuna kuti wina anachita kulemba zimene munthuyo anachita tsiku lakuti. Komanso kabatani ka nyenyezi yagolide, Gold Star Lapel Button, si mendulo ya msilikali, ndi ka banja lake.

Tsopano mapepala. Choyamba sonkhanitsani dzina lonse, nambala yake ya usilikali, gulu lake mpaka kampani ngati n'kotheka, ndi tsiku lomwalira. Nambalayo ndiyofunika zedi chifukwa maina amafanana, nthawi zambiri imapezeka pa makalata amene ankatumiza kwawo kapena pa kachitsulo kovala m'khosi kaja. Musataye nthawi kusaka pepala la DD-214, imeneyo inayamba mu 1950 ndipo ndi ya munthu amene watuluka usilikali ali moyo. Kwa omwalira ali pantchito zaka za pambuyo pake kuli lipoti la imfa, DD Form 1300.

Kenako lembani fomu ya SF-180 yopempha fayilo yake kupita ku National Personnel Records Center, kosungira mafayilo a asilikali, ku St. Louis, Missouri. Achibale amene amaloledwa kupempha fayiloyo ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye amene sanakwatirenso, ana, makolo, abale ndi alongo. Mukakhala mdzukulu kapena mwana wa mlongo wake musade nkhawa kwambiri, fayilo ikakwana zaka 62 chichokereni munthuyo usilikali kapena chimwalirireni imatsegulidwa kwa aliyense, mumangolipira ya makope.

Apa ndiye ambiri amagwa ulesi, amalandira yankho loti fayilo inapsa. N'zoona, pa 12 Julaye 1973 moto unabuka pa nyumba imeneyo n'kuwononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ndipo a Army amene anachoka pakati pa 1912 ndi 1960 anapsa pafupifupi 80 pa 100 aliwonse, analibe makope ena. Koma chonde musalekere pomwepo. Msilikali amene anafa pa nkhondo yachiwiri kapena ya Korea ali ndi fayilo ina, Individual Deceased Personnel File, imene inkasungidwa kwina ndipo sinapse, mmenemo mumapezeka gulu lake, kumene mtembo unapezeka, kumene anayamba kuikidwa, makalata a banja, pena ngakhale katundu amene anali naye m'thumba. Mendulo siitchula kwenikweni koma imakuuzani ngati anachita kuphedwa ndi adani kapena ayi, zimene ndi fungulo la Purple Heart. Palinso ma morning report, malipoti amene kampani iliyonse inkalemba tsiku ndi tsiku kuti ndani wabwera, ndani wavulala, ndani wasowa, amenewa ndi amene amasonyeza kuti munthu analidi m'kampani ya oyenda pansi tsiku la nkhondolo.

Pepala lamphamvu kuposa onse ndi General Orders, lamulo la gulu lake lopereka mendulo, lokhala ndi nambala, tsiku ndi mndandanda wa maina. Ambiri ali ku National Archives ku College Park, Maryland. Mukapeza dzina ndi nambala yake mmenemo nkhani yatha. Webusaiti ya American Battle Monuments Commission, amene amasamalira manda a asilikali a America kunja monga ku Normandy ku France, ndi poyambira pabwino, koma mwala wa kumandako sulemba mendulo kupatula Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse. Nkhani za m'nyuzipepala za nthawi imeneyo ndi masamba amene anthu amalemba okha, zitengeni ngati zokulozerani njira basi.

Ngati anali wa Army ndipo mwaona kuti ankayenera koma sanapatsidwe, tumizani makope a umboni ku Army Human Resources Command ku Fort Knox, Kentucky, iwo amatsata buku la malamulo la AR 600-8-22, ndi bwino kuliwerenga kaye ndime ya mendulo imene mukufunayo. Akakana mutha kupita ku Army Board for Correction of Military Records ndi DD Form 149. Mendulo za kulimba mtima ngati Silver Star ndi zovuta kwambiri chifukwa pempho limayenera kulowa pasanathe zaka 2, zikadutsa limadzera kwa phungu wa ku Congress ndipo amafuna mboni zoona ndi maso kapena malipoti a nthawi yomweyo, zimene agogo ankasimba pazokha sizikwana. Tumizani makope okha, mapepala enieni sungani, ndipo lembani nambala yake ya usilikali pamwamba pa tsamba lililonse chifukwa yankho limatha kutenga miyezi yambiri.