Mmene Mungadziwire Msanga Kuti Myeloma Ikubwerera Pambuyo pa CAR-T

Myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ikamabwerera, kawirikawiri imayamba kuonekera m'magazi thupi lisanamve kanthu. Ndimasamala malume anga kuno ku Ngabu. Analandira CAR-T kunja komwe ankagwira ntchito, ndipo izi ndi zomwe timatsata pakhomo pano.

Pachithandizochi madokotala amatenga maselo a chitetezo a wodwala, n'kuwasintha kuti azisaka chizindikiro chotchedwa BCMA pa maselo a khansa a m'mafuta a m'mafupa, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Ku America anavomereza mitundu iwiri ya CAR-T ya myeloma: Abecma mu 2021, Carvykti mu 2022. Ambiri amapeza bwino ndithu, koma matenda amatha kudzukanso maselo osinthidwa aja akatopa kapena akatha, kapenanso khansayo ikasiya kuonetsa BCMA.

Yambirani pa mapepala a kuchipatala. Afunseni adokotala ngati khansayo inafalikirako kunja kwa mafupa, ngati anapeza vuto la majini lotchedwa del(17p), ndiponso ngati wodwala analandirapo kale mankhwala ena osaka BCMA. Chilichonse mwa izi chimakweza chiopsezo. Funsaninso zotsatira za MRD, kuyeza kofufuza selo limodzi la khansa pakati pa maselo 100,000 a m'mafuta a m'mafupa. Ngati papita chaka osapezeka kanthu, mtima ukhaleko pansi, koma kuyezetsa kusalekeke.

Kenako gulani kope. Ine ndimalidalira kuposa maso anga, chifukwa malume amatha kuoneka athanzi, akudya nsima ya mapira bwinobwino, manambala akukwera. Mukayezetsa magazi lembani deti, M-protein ndi ma free light chain (mapuloteni omwe maselo a khansayi amatulutsa), kuchuluka kwa magazi, kashiamu ndi creatinine ya impso. Nambala yotsikitsitsa ya M-protein muizungulize ndi cholembera, pakuti ndi pomwe madokotala amayambira kuwerenga: ikakwera ndi 25 peresenti, kukwerako n'kukhala kosachepera 0.5 g/dL, amati matenda ayambanso. Zotsatira za tsiku limodzi zisakugwetseni mphwayi. Bwerezani, ndipo ngati n'kotheka pa labu yomweyo. Za mapuloteniwa kafunseni ku Gulupu ku Blantyre, ndipo ulendo wokwera Thabwa muukonze mvula isanalimbe, chifukwa tonse tikudziwa zomwe Mwanza ndi Shire amachita akadzaza.

Kutentha kwa kuchigwa kuno n'koopsa kwa munthu wa myeloma. Mapuloteni a khansayi amatseka timachubu ta impso, ndipo thupi likauma ndi dzuwa la Okutobala vutolo limakula msanga. Madzi asachoke pambali pa wodwala, pokhapokha adokotala atamuikira muyezo. Brufen ndi diclofenac wa pagolosale ayi, ngakhale msana uwawe bwanji, amapweteka impso.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuno kufooka kulikonse timangoti malungo. Yezetsani malungo inde, koma akapanda kupezeka musabwerere kunyumba ndi panado basi. Kupweteka kwatsopano kwa msana kapena nthiti, mkodzo wa thovu, ludzu losatha, kudzimbidwa, kusokonezeka mutu, kapena chotupa chomwe sichinalipo, zonsezi adokotala azimve msanga, kope lili m'manja. Thupi likatentha pitani tsiku lomwelo, popeza CAR-T imasiya chitetezo chili chofooka kwa miyezi yambiri. Miyendo ikachita dzanzi kapena kulefuka, kapena mkodzo ukakanika kutuluka, pezani galimoto nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku, chifukwa mwina chotupa chikufinya mitsempha ya msana.