Kudziwa nthawi imene dzira limatuluka: musadalire tsiku la 14 lokha

Amayi ambiri anauzidwa kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14, basi. Mawu amenewa asocheretsa mabanja ochuluka, ofuna mwana ndi ofuna kupumira kaye omwe. Tsiku la 14 limagwira kwa mayi amene amasamba pakatha masiku 28 aliwonse, koma mayi wabwinobwino akhoza kutenga masiku 21 mpaka 35, kuwerenga kuyambira tsiku loyamba kuona magazi. Chimene sichisintha kwenikweni ndi gawo lakumapeto: dzira limatuluka patatsala masiku pafupifupi 14 kuti musambenso. Ngati mumatenga masiku 32, lanu limatuluka cha pa tsiku la 18. Ngati mumatenga 24, ndi cha pa tsiku la 10.

Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, pamene mbewu ya abambo imatha kudikirira m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5. Choncho masiku otengera pakati alipo 6: asanu dzira lisanatuluke, ndi tsiku lotulukalo. Banja lodikira kuti dzira lituluke kaye ndiye likhale malo amodzi nthawi zambiri limakhala litachedwa kale.

Yambani ndi kope. Lembani tsiku loyamba kusamba kwa miyezi 6. Pa mwezi umene unafupika kwambiri chotsani 18, pa umene unatalika kwambiri chotsani 11. Ngati waufupi unali masiku 27 ndipo wautali 31, nthawi yanu yotengera pakati ili pakati pa tsiku la 9 ndi la 20. Mikanda yolerera nayonso imadalira kuwerenga masiku, ndipo imayenera amayi otenga masiku 26 mpaka 32 okha. Koma kuwerenga n'kuyerekeza chabe. Matenda, nkhawa kapena kuonda mwadzidzidzi zimachedwetsa dzira, ndipo kope kapena pulogalamu ya pa foni sizingadziwe zimenezo.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kwambiri kuyang'ana chikazi, njira imene madokotala John ndi Evelyn Billings a ku Australia anaifalitsa. Siilira ndalama, ndipo imakuuzani zimene zikuchitika mwezi womwewo. Mukangomaliza kusamba, kumaliseche kumakhala kouma masiku angapo. Kenako kumabwera chikazi chochepa, chomata, choyererako. Dzira likayandikira chimachuluka, chimaoneka ngati madzi, ndipo mumamva kuterera ngakhale poyenda kapena podzipukuta. Sambani m'manja, tengani pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, kenako tambasulani zalazo pang'onopang'ono. Chikatamuka osaduka, ngati choyera cha dzira la nkhuku losaphika, nthawi yafika. Chikazi chotere ndi chimene chimasunga mbewu ya abambo ndi kuitsegulira njira pa khomo la chiberekero. Tsiku lomaliza kuchiona chili choterera limakhala pafupi kwambiri ndi tsiku lotuluka dzira.

Amayi, chikazi chimenechi si uve. Musachichotse posamba m'kati kapena kuikako zoumitsa. Chimene muyenera kupita nacho kuchipatala ndi chonunkha, choyabwa, chachikasu kapena chobiriwira, chifukwa chimenecho chimasonyeza matenda. Dziwaninso kuti umuna wa dzulo lake umatha kukusokonezani poyang'ana.

Kutentha kwa thupi kumathandiza mwanjira ina. Yezani ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse mukangodzuka, musanatsike pabedi, nthawi yofanana, n'kulemba. Dzira likatuluka, homoni (mankhwala achilengedwe opangidwa m'thupi) yotchedwa progesterone imakweza kutenthako ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5 a Celsius, ndipo kumakhala kokwera mpaka msambo. Njirayi imatsimikiza zimene zachitika kale, siilosera. Phindu lake mumaliona pakatha miyezi itatu kapena kuposa, mukayamba kuona tsiku limene thupi lanu limakonda. Kutentha thupi chifukwa cha matenda, mowa ndi kusagona mokwanira zimasokoneza manambala.

Palinso timapepala toyezera mkodzo, timene timapeza homoni yotulutsa dzira yotchedwa LH. Homoniyi imakwera patatsala maola 24 mpaka 36 kuti dzira lituluke. Kapepalako kamaonetsa mizere iwiri. Mzere woyezera ukada mofanana ndi mnzake kapena kuposa, tsiku limenelo ndi lotsatira ndiwo abwino kwa ofuna mwana. Mzere wotuwa musaukhulupirire. Kwa amayi a vuto la PCOS (kusokonekera kwa mahomoni kumene kumalepheretsa dzira kutuluka bwino), timapepalati timatha kunama. Ena amamvanso kupweteka pang'ono mbali imodzi ya chinena, koma chizindikiro chimenechi pachokha n'chosadalirika.

Amene mukuyamwitsa, samalani: dzira limatha kutuluka musanaone msambo woyamba. Amene mwangosiya jakisoni wolera musataye mtima, thupi limatha kutenga miyezi ingapo kuti libwerere. Ndipo ngati cholinga chanu n'kupewa mimba, njirazi zimafuna kuphunzitsidwa bwino ndi namwino komanso mwamuna womvetsa, ndipo siziteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana.

Mukatha chaka mukuyesa osatenga pakati, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, pitani kuchipatala. Ngati msambo umalumpha miyezi, musadikire n'komwe. Kumeneko amatha kuyeza progesterone m'magazi patatsala sabata kuti musambe, kapena kuona ndi sikani mmene dzira likukulira. Tengani kope lanu lija, ndipo inu abambo mupite nawo limodzi mukayezetse umuna, chifukwa nthawi zambiri vuto limapezekanso kwa inu.